Chipata Chachikulu cha pa Warka

Pa siteshoni ya Warka palibenso mkuyu umene unapatsa malowo dzina. Anaudula poyala njanji. Amene angakulozereni pamene unali ndi a Shiferaw, amene mwaulemu amatchedwa Gashe, mlonda wa pachipata chowolokera njanji, koma nawonso sakonda kufunsidwa. Amangoloza ndi chibwano ku kanyumba kogulitsiramo matikiti, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Anabadwira pomwepo. Kumene lero kuli midadada ya nyumba zosanjikizana kunali minda ya bambo awo ya tefu, mbewu ya tinjere ting'onoting'ono, ndipo pamene anthu amaima podikira sitima panali bwalo lopunthira, pomwe ng'ombe zinkazungulira tsiku lonse zikuponda ngala. Mzinda wa Addis Ababa pofika sunaodire. Minda inapita, ng'ombe anagulitsa, ndipo banja lawo linapatsidwa zipinda ziwiri pa nsanjika yachitatu, kumtunda kwa njanji. Mayi awo anakwera masitepewo kamodzi kokha. Atasuzumira pawindo anati iwo si nkhuku yoti izigona pamwamba pa zinzake, ndipo anabwerera kwawo kumapiri, kukakhala ndi mwana wawo wamkazi. Ntchito ya pachipata a Shiferaw anaipeza pambuyo pake, chifukwa sankamwa ndiponso sankachedwa.

Njanji inadula dera lonselo pakati. Mbali zonse ziwiri kuli mpanda wa zitsulo wotalika kuposa munthu, wopanda pobowoka mpaka pa siteshoni yotsatira. Kumtunda kuli nyumba. Kumunsi kuli tchalitchi, msika, chigayo, ndi nyumba yosungiramo katundu wa idir, bungwe lothandizana pa maliro. Aliyense wofuna kuwoloka amadzera pa a Shiferaw. Oyenda pansi ali ndi kampata kawo kokhotakhota, koti wonyamula mtolo waukulu amachita kudutsa chammbali. Pafupi pake pali chipata chachikulu chokhala chokhoma, chimene amatsegulira ngolo ndi bokosi la maliro, ndipo kiyi wake amakhala m'khosi mwa mlonda. Dzuwa likalowa kiyiyo amakamusiya ku ofesi mpaka kutacha. Lamulo lalikulu ndi limodzi: mlonda sachoka pakati pa mipanda iwiriyo mnzake asanabwere kudzamulandira.

Akavula yunifolomu, a Shiferaw amadziwika ndi ntchito ina yopanda malipiro. Ndi iwo amene anthu amawatuma kukanena merdo, uthenga wa imfa. Uthengawu sunenedwa pafoni, sunenedwa panjira, ndipo sunenedwa dzuwa litakwera. Akuluakulu amalawirira m'bandakucha kukamupeza munthu m'nyumba mwake, anansi ali kale pakhomo, ataonetsetsa dzulo lake kuti wadya ndipo wagona. Nthawi ikawapita, amameza nkhaniyo mpaka m'mawa mwake, n'kumamutchingira woferedwayo ndi timabodza. A Shiferaw anthu amawasankha chifukwa nkhope yawo siulula kanthu. Akawayamikira kuti amadziwa kunena, iwo amayankha kuti palibe chodziwa pamenepo, n'kungokhala chete nthawi yokwanira basi.

Tsiku limene ndikunenali linali m'nyengo ya mvula, mkati mwa masabata awiri amene Akhristu a kumeneko amasala nyama. Sabata imeneyo a Shiferaw anayenera kulowa masana, koma mnzawo Henok anawapempha kuti asinthane, choncho analowa m'mawa osauza wina kupatula akazi awo, a Askale. Magetsi anali atazima kwinakwake m'tauni. Sitima yoyamba inafika dzuwa litatuluka kale, anthu atapanikizana mpaka nkhope kugunda magalasi.

Mwa otsikawo munali a Demeke, mchimwene wa a Askale, wogulitsa mbewu m'tauni. Anali atafunda gabi, nsalu yoyera yokhuthala yopitira kutchalitchi ndi kumaliro, pamwamba pa jekete, chonsecho linali tsiku la ntchito. Nthawi yomweyo kuchokera kumunsi kunatulukira a Balcha, wapampando wa idir, mnzawo wa a Shiferaw kuyambira akuweta limodzi ng'ombe. Nawonso anali atafunda gabi. Atakweza maso n'kuona amene waima pachipata, anaima ngati aponda minga.

"Gashe Shiferaw, kodi lero muli m'mawa?"

"Ndasinthana ndi Henok. Mwadzuka bwanji? Alamu, mwalawiriratu."

"Kulawirira kwake kuti, dzuwa lili apa," anatero a Demeke. "Sitima yanuyi ndi bulu wamagetsi. Tinaima pamlatho mpaka ndinadziwa mayina a ana a munthu amene amandiponda phazi."

"N'kwabwino kumene mwachokera?"

"N'kwabwino ndithu. Ndabwera kudzaona nkhosa. A Balcha akuti pali wina akugulitsa."

"Yonenepa," anawonjezera a Balcha, maso ali panjanji.

Bodza la nkhosa linali la a Shiferaw. Analiyambitsa ndi iwo zaka zapitazo, atachedwa kufika kwa mphunzitsi wina amene mwana wake anamira, ndipo a Balcha anali nawo tsikulo. Analibwereka osaganiza kuti mwini wake alizindikira.

Asanadutse pa kampata, a Demeke anasisita matumba awo.

"Alamu, tandibwerekani foni. Yangayi yatha moto."

Imeneyonso inali njira yodziwika. A Shiferaw akanatha kukana. Anatulutsa foniyo n'kupereka, ndipo anaiona ikulowa m'thumba lamkati la jekete, losatulukamo kanthu msanga. Amuna awiriwo anawoloka, nakwera njira ya ku midadada akuyenda pang'onopang'ono, mitu ili pamodzi.

Sitima ya kum'mawa inaliza belu. A Shiferaw anaimba wezulo, natambasula mbendera yofiira kutsekereza anthu, monga amachitira masiku onse. M'mutu mwawo munali funso limodzi, lakuti ndani.

Anthu awo okhala kutali amene ankawadera nkhawa anali awiri. Woyamba anali mayi awo, okalamba, amene chifuwa sichinawasiye chiyambire Pasaka. Wachiwiri anali Sinidu, mwana wawo yekhayo, amene anali m'chaka chachiwiri akugwira ntchito ya m'nyumba ku dziko la Aluya. Kubwera kwa a Demeke sikunalozere mbali. Ndi iwo amene ankapita sabata ndi sabata kukagula mbewu ku msika wa kwa mayi aja, ndipo ndi iwo omwenso anamupezera Sinidu munthu womukonzera ulendo, moti atsikana anzake kumeneko anali ndi nambala yawo.

Sinidu anachokera pa siteshoni pomwepa. Tsikulo sutikesi yake inakanirira pa kampata kokhotakhota kaja, anthu akudikira kumbuyo.

"Ababa, tanditsegulirani chachikulucho. Lero ndine bwana."

"Icho n'cha ngolo ndi maliro. Pendeketsa sutikesiyo."

"Chabwino. Koma pobwera mudzatsegula, mufune musafune. Ndidzakhala ndi katundu woti bulu adzalira."

Anaseka, mayi ake akulira, ndipo sitima inamutenga. A Shiferaw sanamuperekeze ku bwalo la ndege chifukwa anali pantchito.

Ataima pakati pa mipanda m'mawa umenewo, anadzipeza akupempha mumtima kuti akhale wokalambayo. Anachita manyazi kwambiri. Anatembenukira kumene kuli tchalitchi, nadzilemba mtanda, napepesa kwa Mulungu ndi kwa mayi awo. Sitima ina itadutsa anapezanso pempho lomwelo lili pakamwa.

Chakumasana anthu anayamba kusintha. Etiye Birke, wogulitsa khofi pansi pa masitepe a siteshoni, ndi mayi wa pakamwa pakuthwa. Tsiku lililonse amawatchula a Shiferaw kuti mfumu ya mpanda, n'kumawafunsa ngati sitima zawo zagona bwino. Tsikuli anabwera ndi tiyi ndi buledi, zimene iwo sanaitanitse.

"Idyani, Gashe. Kukuzizira."

"Lero mfumu ya mpanda yachotsedwa paudindo?"

"Idyani kaye," anatero mayiyo, nachoka msanga.

Kenaka kunadutsa amayi a mumdadada wawo, awiriawiri, kuchokera kumsika. Wina anasenza mphodza, wina anyezi, wina khofi wosakazinga wochuluka kuposa wa banja limodzi. Aliyense ankawapatsa moni wautali, wowerama, wofunsa za thanzi kawiri. A Shiferaw ankayankha moni uliwonse, n'kuwaimitsa sitima ikamabwera, n'kuwalola ikadutsa. Chakudya cha maliro a kunyumba kwawo chinadutsa m'manja mwawo thumba ndi thumba, iwo akuchiimbira wezulo.

Nthawi yoweruka inakwana koma Henok sanaoneke. A Shiferaw anadikira sitima ziwiri, kenaka anatenga wailesi ya m'manja kuitana kapitawo wawo, amene amakhala ku siteshoni yayikulu.

"Kuno ku Warka wondilandira sanafike."

"Ndamva. Mkazi wake ali kuchipatala, akuchira. Ndikufufuza wina."

"Kunyumba kuli alendo."

"Alendo amadikira, Gashe, sitima sidikira. Khalani pomwepo."

Wailesi inangoti phwaa n'kukhala chete. Munthu sangapemphe tchuthi cha maliro amene sanauzidwe.

Ataima pachipata amatha kuona khonde la nyumba yawo, kumwamba uko, pakati pa makonde ena ofanana nalo. Anaona a Askale akuanula zovala chifukwa mitambo inali itayamba kuda. Patapita kanthawi anawaona akutsika njira, atanyamula kadengu kachikopa kokhala ndi injera, mkate wopyapyala wa tefu, ndi ndiwo za nandolo. Anafika akupuma mofulumira, koma nkhope ili yowala.

"Bambo a Sinidu, mwasamukira pano? Demeke wabwera, mwamuona?"

"Wadutsa pompano."

"Akuti nkhosa. Ndamufunsa kuti nkhosa yanji anthu tikusala? Kapena watembenuka mpingo osatiuza?"

Apa m'pamene a Shiferaw anaona kukula kwa cholakwa cha anzawo aja. Bodza la nkhosa ndi la nyengo yodya nyama. M'masabata osala, ngakhale mwana sangalikhulupirire. Akazi awo anali kuwayang'ana, kumwetulira kukadali pamilomo, koma maso atayamba kufunsa.

"Ndi mmene amachitira ochenjera," anatero iwo. "Pano nkhosa zatsika mtengo. Agula lero, aidyetse, pomasula ikhale itanenepa."

"Demeke kuchenjera? Wayamba liti?"

"Ukalamba umaphunzitsa."

A Askale anaseka, ndipo funso lija linachoka m'maso mwawo. Anatsegula kadengu.

"Ndipo nyumba yadzaza. Mkazi wa a Balcha wabwera kuti ndimuphunzitse kuluka, munthu woluka kuposa ine. Watenganso foni yanga, akuti yake yagwera m'madzi. Nanga Sinidu akaimba? Lamulungu sanaimbe."

"Mwina abwana ake anali ndi alendo."

"Mwina. Nanga mayi, Demeke wati ali bwanji? Ine ndaiwala kufunsa."

"Sitinakambe. Iwe wadya?"

"Ndidya. Idyani inu, mwaima chiyambire m'mawa."

"Tidye limodzi."

"Pano? Panjira ngati ana asukulu?"

Anatema injera, nakulungamo ndiwo, nawayandikizira akazi awo pakamwa monga amachitira pa chikondwerero. A Askale anayang'ana uku ndi uku mwamanyazi, koma nthongo yopatsidwa ndi dzanja siikanidwa. Analandira imeneyo ndi yachiwiri yomwe, chifukwa imodzi yokha amati imadanitsa. Kenaka belu linalira, a Shiferaw anatenga mbendera, ndipo mayiwo anabwerera kumtunda, akudziphimba kumutu poti mvula inali itayamba kuwaza.

Tsopano a Shiferaw anadziwa kumene yankho lidzachokere. Idir yawo ili ndi matenti awiri. Munthu akamwalirira kutali n'kuikidwa komweko, oferedwa amapita kumudziko, ndipo kuno kumangoimikidwa tenti yaing'ono yolandirira opepesa akabwerako. Imeneyo imapindika, amuna awiri amadutsa nayo pa kampata. Koma mtembo ukamabwera kuno, ngakhale pa ndege, amatulutsa yayikulu, ya mzati wa bulugamu wautali umene sungakhote pa kampata, ndipo imayenda pa ngolo. Merdo ikanenedwa m'bandakucha, tenti imayenera kukhala ili kale kumtunda, chifukwa nthawi imeneyo kiyi amakhala ali ku ofesi. Ndiye kuti inayenera kuwoloka lero, dzuwa lisanalowe. A Balcha anali kuwerengera kuti masana pachipata pakhala Henok.

Kuyambira pamenepo maso awo sanachoke pa chitseko cha nyumba ya katundu wa idir, kumunsi, kuseri kwa chigayo. Anaona a Balcha akuwoloka kupita kumeneko, akunena kuti akukafunsa za ufa. Anawaona akubwerera, n'kuima pansi pa denga la siteshoni, n'kufunsa wogulitsa matikiti ngati Henok wamveka. Anawaona akupitanso. Sitima zinkabwera zodzaza n'kupita zodzaza. Ana asukulu anawoloka. Mvula inagwa yamphamvu, inakata, inayambanso. Kapitawo atamuitananso anati munthu akubwera, koma sanatchule dzina.

Panali nthawi ina imene njanji zonse ziwiri zinali zopanda kanthu, ndipo a Shiferaw anayeza ndi maso mtunda wochoka pachipata kufika pa chigayo. Ndi pafupi, poti mwendo umodzi ukhoza kutsala kuno. Akanathamanga, n'kusuzumira pakhomo, n'kuona tenti imene yatulutsidwa. Anafika mpaka pa kampata. Pomwepo mayi wina wobereka mwana, mutu uli m'ambulera, analowa panjanji osayang'ana mbali, ndipo iwo anabwerera kukaima pamalo pawo.

Dzuwa litapendeka, kuwala kwake kukudzera pansi pa mitambo, chitseko chija chinatseguka mbali zonse ziwiri. Munatuluka amuna atanyamula mabenchi. Mabenchi sanena kanthu, amapita ku tenti iliyonse. Kenaka kuseri kwa chigayo kunatulukira bulu akukoka ngolo. Katundu anali atamuphimba ndi lona, namanga bwinobwino ndi zingwe. Koma lona inali yaifupi. Kumbuyo kwa ngolo kunatsala mzati wa bulugamu, wautali, nsonga yake ikugwedera pafupi ndi matope.

Ngoloyo inaima patsogolo pa chipata chachikulu. Amuna amene anali nayo anayang'ana pansi. A Balcha anabwera okha, gabi itanyowa, ndipo a Demeke anaima chapatali kumtunda, manja ali kumbuyo.

"Gashe, pali katundu pang'ono woti awoloke. Kumtunda uko kuli, kuli ukwati wa mwana wa..."

"Ukwati anthu akusala, Balcha? M'mawa nkhosa, madzulo ukwati. Wakalamba iwe. Bodza lakuthawa."

A Balcha anatembenuzira nkhope kumbali.

Belu linalira. A Shiferaw anaika wezulo pakamwa, naimba, natambasula mbendera pamaso pa bulu. Sitima inalowa pang'onopang'ono, n'kuima, zitseko n'kutseguka. Anthu obwera kuntchito anatsika ambiri, napanikizana pa kampata, ena akudandaula kuti ngolo yatseka njira. Munali atsikana a msinkhu wa Sinidu, zikwama zili m'khwapa, akuseka za kuntchito kwawo. A Shiferaw anadikira mpaka womaliza atadutsa ndipo sitima itakhota. Anayang'ana kum'mawa, nayang'ana kumadzulo. Kenaka anavula chingwe cha kiyi m'khosi.

Loko anali atachita dzimbiri ndi mvula, ndipo kiyi anakana kawiri kulowa. Palibe amene anayerekeza kuwathandiza. Atatsegula, anakankha chitseko chimodzi mpaka kumapeto, nakankhanso chinacho, nawoloka kukatsegula cha mpanda wa kumtunda. Bulu anakoka, mateyala anagunda njanji, mzati unadutsa pafupi ndi mawondo awo.

A Balcha anatsalira pakati pa njanji.

"Shiferaw, m'bale wanga..."

"Usanene. Pano ndi panjira, ndipo dzuwa likulowa. Mwambo ukuudziwa."

"Ndikuudziwa."

"Ngoloyo isadzere kutsogolo. Muzungulire kuseri kwa mdadada wa m'mphepete, kumene khonde lathu siliona. Mzatiwo muugoneke m'udzu."

"Tichita choncho."

"Mayi a Sinidu adya nthongo ziwiri zokha chiyambire m'mawa. Mkazi wako awakakamize chakudya chamadzulo, anene kuti waphika chambiri ndipo chiwonongeka. Demeke asatchulenso nkhosa. Azikamba za mitengo ya tefu, imeneyo amaidziwa."

A Balcha anagwedeza mutu, akupukuta nkhope ndi nsonga ya gabi.

"Mawa mubwere ndi wansembe. Amayi a mumdadada akhale kale pamasitepe, awiri aime pafupi ndi khonde, chifukwa ndi pamwamba paja. Musagogode mwamphamvu. Ndidzakhala ndili maso, ndidzatsegula ndine."

"Nanga iwe usiku uno?"

"Ine sindinamve kanthu. Mudzandiuza mawa, pamodzi ndi mayi ake."

A Balcha anawagwira paphewa, kenaka anatsatira ngolo. A Shiferaw anatseka chipata cha kumtunda, nawoloka, natseka cha kumunsi, nakhoma, nabwezera kiyi m'khosi. Wailesi inalira. Anali kapitawo, akuti amene anamupeza wakana, ndiye apirire mpaka sitima yomaliza.

"Ndamva," anatero iwo.

Kumwamba uko, pa nsanjika yachitatu, a Askale anatuluka pakhonde. Anayang'ana kuchipata, nakweza manja awiri kufunsa kuti kodi mubwera liti. A Shiferaw anakweza mbendera yokulungidwa, nailoza kunjanji, monga amachitira masiku onse akachedwa. Mayiwo anapukusa mutu, nalowa m'nyumba. Belu la sitima ya kumadzulo linali litayamba kale kulira.